Firiji Ikayamba Kudwala

M'caka ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo pobwera mwamphamvu anaononga mafiriji m'nyumba zambiri. Cifukwa cace magetsi akazima tizule pulagi, ndipo akabwera tiyembekeze mphindi zisanu tisanaibwezere.

Firiji ikaleka kuziziritsa, tisathamangire ku sitolo. Kawirikawiri colakwa ndi mphira wa pacitseko kapena fumbi la kumbuyo, zinthu zosadula kukonza. Inunso amai, musapale madzi oundana ndi mpeni, pakuti mungaboole paipi ya gasi. Koma kompuresa ikapsa pa firiji yokalamba, mwamuna ndi mkazi akhale pansi, afunse mtengo wa yatsopano, awerengenso ndalama za sukulu za ana asanaitane wokonza.