Ndalama ya Pafoni Ikatayika pa Tilu, Mlandu ndi wa Yani?

Mwezi ukatha, malipiro akalowa, masitolo a m'mizinda yathu ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba amadzaza ndi aphunzitsi, akalaliki a m'maofesi a Boma, anamwino ndi apolisi, yense atanyamula mtanga wake wa sopo, shuga, mchere ndi mafuta ophikira. Masiku ano ambiri a iwo sapisanso dzanja m'thumba kuti atulutse ndalama za pepala, koma atulutsa foni ndi kulipira nayo. Ichi ndi chinthu chabwino, ndipo tsamba lino lichiyamikira. Komatu pali vuto limene lili kukula pa malo olipirira, amene anthu awatcha pa tilu, ndipo lero tifuna kulinena poyera, pakuti amene ali kuvutika nalo koposa ndiwo awerengi athu omwe.

Wolemba nkhani ino anaona ndi maso ake zimene zinagwera mayi wina, mphunzitsi wachikulire, m'sitolo ina yaikulu mu Lilongwe. Mayiyo anatenga katundu wa pamwezi wa banja lake, nafika pa tilu, nalemba nambala ya sitolo pafoni, naika nambala yake yachinsinsi. Posakhalitsa uthenga unafika wonena kuti ndalama yachoka. Koma mtsikana wolandira ndalama anayang'ana pa makina ake nati, "Pepani mayi, kuno sinafike." Anadikira, mzere unakula, anthu a kumbuyo anayamba kung'ung'udza. Anaitana kapitawo, ndipo iye anati mayiyo alipirenso kachiwiri kapena asiye katunduyo, ndi kuti za ndalama yakeyo akafunse kwa eni foni. Mayiyo analibe ndalama ina. Anatuluka chimanjamanja pamaso pa anthu, ena a iwo mwina makolo a ana amene iye awaphunzitsa, alibe katundu, alibenso ndalama. Munthu ameneyu sanabe, sananame, ndiponso sanalakwitse nambala. Nanga analangidwira chiyani?

KUMENE TACHOKERA

Tisanaweruze mlanduwu ndi bwino kukumbukira ulendo umene dziko lathu layenda. Banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inayamba ntchito m'chaka cha 1965, ndipo mu 1971 tinasiya mapaundi ndi masheleni, tinayamba kuwerenga makwacha ndi matambala. Kwa zaka zambiri pambuyo pake ndalama inali chinthu chogwirika ndi manja, chosungika m'kansalu kapena m'buku la ku Positi Ofesi. Nzeru yotumiza ndalama pafoni inatchuka ku Kenya, kumene M-Pesa inayamba mu 2007. Kuno kwathu Airtel Money inafika mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo mabanki nawo anatsegula njira zawo, monga Mo626 ya National Bank of Malawi. Mu 2015 kunakhazikitsidwa National Switch, ndiye mlatho wolumikiza makina a mabanki osiyanasiyana, ndipo pambuyo pake makampani a mafoni analumikizidwanso. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomera lamulo loyendetsa njira za kalipiridwe, ndipo mu 2019 kunatuluka malamulo akuti amalonda okhala ndi chiphaso azikhala ndi njira yolandirira ndalama popanda kugwira pepala.

Boma silinachite zimenezi mwa masewera. Ndalama za pepala zisindikizidwa kunja kwa dziko, ndipo zikang'ambika kapena kuda, kuzisintha kudya chuma chambiri cha mtundu wathu. Ndalama ya m'thumba iitana mbala ndi opisa m'matumba pa depoti ndi pamsika. Ndiponso malonda a pafoni asiya mapazi, kotero kuti wamalonda wozemba msonkho apeza njira yake itachepa. Tionjezepo ichi: pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu inakwera, ndipo ngakhale pepala la K5,000 linali litatuluka kale mu 2022, munthu wofuna kugula katundu wa pamwezi anayamba kuyenda ndi mpukutu wa mapepala. Motero njira imene Boma linasankha ndi yoongoka. Koma akulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope ake ndiwo tili kuwaponda pa tilu.

NDALAMA IYENDA BWANJI?

Ambiri aganiza kuti ndalama idumpha kuchoka m'foni kulowa m'makina a sitolo, popeza ziwirizo zili pa thebulo limodzi. Si momwemo ayi. Munthu akaika nambala yachinsinsi, pempho lake lipita ku nsanja ya netiweki yapafupi, lichoka apo lipita ku makompyuta a kampani yosunga ndalama yake, amene aona ngati ndalamayo ilipo ndi kuichotsa. Ngati sitolo isunga ndalama zake ku banki kapena ku kampani ina, uthengawo uyenera kuwoloka mlatho, kufika kumeneko, ndi kulembedwa m'buku la sitolo. Zitatha izi zonse ndi pamene uthenga wotsimikiza ubwerera ku tilu. Ulendowu uli ngati wa kalata ya masiku akale, yodutsa m'manja mwa amtengatenga anayi kapena asanu. Mmodzi akagona panjira, wotumiza anena zoona kuti anatumiza, wolandiranso anena zoona kuti sanalandire.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya mphunzitsi uja. Kuchotsa ndalama ndi kutsimikiza kuti yafika ndi ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba ikachitika, yachiwiri nikanika, ndalamayo siisungunuka ayi: kapena yafika kale kwa mwini sitolo koma uthenga wokha ndiwo wachedwa, kapena yaima pakati, kudikira kuti mabuku a mbali ziwiri afananizidwe. Ikapezeka ibwezedwa. Koma kubwezako nthawi zina kutenga masiku, ndipo pa masiku amenewo ana sadya malonjezo.

Zodula ulendowu ndi zodziwika. Choyamba ndi magetsi. Tonse tikumbukira chaka cha 2022, pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko nilitaya pafupifupi mamegawati 130 kufikira 2023. Magetsi akazima, nsanja za netiweki zidalira mabatire ndi majenereta a dizilo, ndipo mafuta akasowa nazonso zikhala chete. Chachiwiri ndi kuchulukana: pa kutha kwa mwezi anthu miyandamiyanda alipira nthawi imodzi, ndipo njira ithina monga msewu wa pa mlatho wa Lilongwe dzuwa likapendeka. Chachitatu ndi kufupika kwa nthawi imene foni ipatsa munthu polemba manambala aja oyamba ndi nyenyezi. Wachikulire wa maso ofooka asanamalize kulemba, foni yatseka kale, nayambanso, ndipo ena mwa njira imeneyi alipira kawiri osadziwa.

ZOLAKWA ZA ANTHU

Komabe tisakankhire zonse kwa makina, pakuti zina ndi ntchito za anthu. Alipo amalonda amene munthu akati alipira pafoni amuuza kuti aonjezepo "yotapira." Chimenechi ndi kulanga munthu chifukwa chomvera uphungu wa Boma, pakuti mtengo wolembedwa pa katundu ndiwo mtengo wake, kaya munthu alipira ndi pepala kaya ndi foni. Alipo ena amene makina awo "afa" tsiku lililonse, koma chenicheni ndi chakuti safuna kuti malonda awo alembedwe. Alipo olandira ndalama amene anaikidwa pa tilu osaphunzitsidwa konse, osadziwa kufufuza malipiro ndi nambala ya uthenga, kotero yankho lawo ndi limodzi lokha, lakuti netiweki palibe. Alipo enanso amene apatsa wogula nambala ya foni yawoyawo m'malo mwa nambala ya sitolo, ndipo zinthu zikasokonekera mwini sitolo asamba m'manja.

Chilungamo chifunanso kuti timve mbali ya wamalonda. Kunja kuno kuli akathyali oonetsa uthenga wabodza, wolembedwa mofanana ndi weniweni, natuluka ndi katundu wosalipira. Kawirikawiri ndalama yosowayo idulidwa ku malipiro a mtsikana wa pa tilu, amene ndi ochepa kale. Tsono pamene iye akana kupereka katundu, si nkhanza ayi, koma mantha. Vuto lake ndi lakuti anthu awiri osauka, wogula ndi wolandira, asiyidwa kuti akangane pa chinthu chimene onse awiri sanachipange, pamene eni ake a makina, amene alandira phindu pa malipiro alionse, ali kutali m'maofesi.

KODI TIBWERERE KU PEPALA?

Ena mwa awerengi athu adzati, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Tiyeni tibwerere ku ndalama yogwirika. Mawu amenewa tiwamvetsa, koma sitigwirizana nawo. Mphunzitsi wa ku sukulu ya kumudzi, amene kale anali kutseka kalasi ndi kukwera matola tsiku lathunthu kukatapa malipiro ku boma, adziwa bwino chimene foni yamuchotsera. Kalaliki amene anaberedwapo malipiro a mwezi wonse m'minibasi adziwanso. Mlatho ukakhala ndi thabwa lothyoka, anzeru akonza thabwalo, sabwerera kukawoloka pa dooko la ng'ona. Koma tichenjezenso kuti chikhulupiriro cha anthu chili ngati mbiya: munthu amene anachititsidwa manyazi pa tilu kamodzi adzauza a m'nyumba mwake, a kumpingo ndi a ku ofesi, ndipo ntchito imene Boma laigwira zaka zoposa khumi ingaonongeke ndi mphwayi za anthu ochepa.

ZOYENERA KUCHITIKA

Kwa makampani a mafoni ndi mabanki tinena kuti: wolandira phindu alandirenso udindo. Ndalama yoima panjira ibwezedwe yokha, mwini wake asanayende ulendo wokadandaula, ndipo nthawi yobwezera ikhale yaifupi ndi yolengezedwa kwa onse m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao. Sitolo iliyonse ipatsidwe njira yofulumira yofufuzira malipiro ndi nambala ya uthenga, kuti mkangano uthe pomwepo. Netiweki ikadwala, anthu auzidwe msanga, asanaike nambala yachinsinsi.

Kwa eni masitolo tinena kuti: phunzitsani antchito anu. Lembani nambala ya sitolo ndi malemba aakulu pamalo oonekera. Khalani ndi njira ziwiri zolandirira ndalama, kuti ina ikafa ina igwire, ndiponso batire kapena mphamvu ya dzuwa yoyendetsa makina magetsi akazima. Malipiro akakanika, lembani m'buku dzina la wogula, nthawi, ndalama ndi nambala ya uthenga, mumpatse kapepala kosayinidwa, ndipo katundu wake mumsungire. Munthu wamkulu asakambitsidwe mlandu pakati pa mzere. Mutengereni pambali mwaulemu, monga mwambo wathu ufuna.

Kwa Reserve Bank, amene ayang'anira kalipiridwe, kwa MACRA, amene ayang'anira za mafoni, ndi kwa bungwe la Competition and Fair Trading Commission, loteteza ogula, tipempha kuti dzanja limene linalamula amalonda kukhala ndi makina lionenso kuti makinawo ali kutumikira anthu. Ayendere masitolo masiku a kutha kwa mwezi, alange oonjeza mitengo, ndipo alengeze poyera chiwerengero cha madandaulo ndi nthawi imene kampani iliyonse itenga pobweza ndalama. Kampani iopa manyazi a pagulu koposa kalata ya mseri.

Ndipo kwa inu, aphunzitsi ndi antchito a Boma, amene anthu a m'midzi ndi m'makwalala ayang'ana kwa inu, tinena kuti: musanaike nambala yachinsinsi, werengani dzina la sitolo ndi ndalama zimene zaoneka pafoni. Nambalayo musaitchule mokweza, ndipo foni musaipereke kwa wina kuti akulembereni. Uthenga ukachedwa musathamangire kulipira kachiwiri. Yambani mwaona ndalama zotsala. Uthenga wa malipiro musaufufute, pakuti ndiwo lisiti lanu ndi mboni yanu. Yendani ndi kandalama kochepa ka pepala kokwerera basi. Koposa zonse, mukalakwiridwa dandaulani, poyamba kwa kampani, ndipo ikapanda kukuthandizani, kwa oiyang'anira. Funsani nambala ya dandaulo lanu ndi kuisunga. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo dandaulo losalembedwa Boma silingalione.

Aphunzitsi ali ndi mwayi wina umene ena alibe. Pa phunziro la masamu, ana angathe kuphunzira kuwerenga uthenga wa malipiro, kuchotsera ndi kuona ngati zotsala zili zoona, ndipo madzulo omwewo nzeruyo idzafika kwa agogo awo. Umu ndi mmene mtundu wathu unaphunzirira makwacha ndi matambala mu 1971, ndipo umu ndi mmene udzaphunzirira ndalama ya pafoni.

Mayi uja analandira malipiro ake atawagwirira ntchito mwezi wathunthu, choko chili m'manja. Pa kutha kwa mwezi uno adzaimanso pa mzere, ndipo adzasankha pakati pa foni ndi pepala. Chimene adzasankhe chidalira pa zimene makampani, eni masitolo ndi owayang'anira achite kuyambira lero.