Mendulo Siinena Zonse

Agogo anga aakazi ku Mbayani ali ndi kachitini momwe amasungamo zinthu zosafunika kutayika: kabuku ka kuchipatala, malisiti akale, ndi mendulo imodzi yooneka ngati nyenyezi. Menduloyi, yotchedwa Burma Star, inali ya bambo awo amene anakamenya nkhondo ku Burma ali msilikali wa Keyala pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Ndaitembenuza kambirimbiri koma dzina la mwiniwake palibe. Mendulo imeneyi ndi imene yandichititsa kulemba za munthu wina amene anamenya nawo nkhondo yomweyo, koma iye chifuwa chake chinadzaza ndi mamendulo. Maganizo anga ndi akuti mendulo imangotiuza kuti boma linakondwa ndi ntchito ya munthu. Siitiuza ngati ntchitoyo inali yabwino, ndiponso siitchula amene anailipirira ndi moyo wawo.

Munthuyu ndi Arthur Harris, ndipo si mlendo kwenikweni kuchigawo chathu chino. Anabadwira ku England mu 1892 ndipo mu 1910 anabwera ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi ku Zimbabwe, kudzagwira ntchito m'mafamu. Nkhondo itayamba mu 1914 analowa usilikali ngati woimba lipenga. Mu 1915 anabwerera kwawo n'kuphunzira kuulutsa ndege zankhondo, ndipo mu 1918 analandira mendulo ya Air Force Cross. M'zaka za m'ma 1920 anatsogolera ndege zomwe zinkaponya mabomba m'midzi ya ku Iraq pofuna kugonjetsa anthu okana ulamuliro wa Britain. Mu February 1942 anamusankha kukhala mkulu wa Bomber Command, gulu lonse la ndege zoponya mabomba la dziko la Britain. Nkhondo itatha anamukweza kufika pa udindo wa Marshal of the Royal Air Force, womwe ndi wapamwamba koposa m'gulu la asilikali a ndege a dzikolo.

Tikaona mndandanda umenewu tikhoza kungoomba m'manja. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Harris ankakhulupirira kuti nkhondo itha msanga ngati mizinda ya adani itenthedwa yonse, osasankha kuti apa ndi pafakitale, apa ndi pakhomo pa munthu. Mu July 1943 ndege zake zinatentha mzinda wa Hamburg ndipo anthu pafupifupi 40,000 anafa. Mu February 1945, nkhondo ili pafupi kutha, ndege za Britain ndi America zinaphwasula mzinda wa Dresden ndipo anafa anthu pafupifupi 25,000. Ambiri mwa iwo sanali asilikali. Nawonso anyamata ake anathera momwemo: oposa 55,000 a Bomber Command sanabwerere kwawo.

Ena anganene kuti ndikulakwira munthu wolimba mtima. Anganene kuti Hitler anali chilombo chofunika kugonjetsedwa, kuti ndege za Germany zinali zitaononga kale London ndi Coventry, ndiponso kuti lamulo lophulitsa mizinda linachokera kuboma Harris asanakhale pampando. Zonsezi n'zoona ndipo sindikuzikana. Koma mfundo yomalizayi ikungotsimikiza zomwe ndikunena. Ngati iye ankangokwaniritsa zofuna za boma, ndiye kuti mamendulo akewo ndi zikomo wa boma basi. Boma lomwelo litaona kuti za ku Dresden zikuchititsa manyazi linayamba kudzipatula. Winston Churchill sanatchule Bomber Command m'mawu ake olengeza chipambano mu May 1945, ndipo anyamata a gululi sanapatsidwe mendulo yawoyawo. Chipilala chowakumbukira chinatsegulidwa ku London mu 2012, ambiri atamwalira kale. Ngakhale chiboliboli cha Harris chomwe chinavundukulidwa mu 1992, anthu ena anachikuwiza tsiku lomwelo.

Tsono ngati ana a ku Britain komweko anaiwalidwa chonchi, nanji ife? Asilikali a ku Nyasaland anayenda m'matope ndi m'malungo a ku Burma mu 1944 pansi pa 11th East African Division. Zikalata za boma la Britain zomwe atolankhani anaulula mu 2019 zinaonetsa kuti pa ndalama yothokoza nkhondo itatha, msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa mashereni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pomwe wachikuda ankawerengeredwa mashereni atatu ndi theka. Pa nkhondo yoyamba ija makolo athu ambirimbiri anagwidwa kukakhala amtengatenga, ndipo ochuluka mwa amene anafera m'njira alibe ndi manda omwe odziwika. John Chilembwe anaziona msanga zimenezi pamene analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914, kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo ya eni ake. Chaka chomwecho Harris anali akuimba lipenga.

Sindikunena kuti tisamalemekeze akuluakulu a asilikali. Kutsogolera nkhondo si masewera, ndipo dziko lopanda asilikali odziwa ntchito ndi nyumba yopanda chitseko. Chomwe ndikupempha, makamaka kwa ife ophunzira amene mawa tidzalemba mbiri ya asilikali athu, n'chakuti tisamalekere pa kundandalika maudindo ndi mamendulo. Amalawi anakalondera njanji ya ku Nacala pa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo ena anafera ku Congo posungitsa mtendere. Polemba za amene anawatsogolera, tizifunsanso kuti anatumidwa ndi yani, anafa ndani, ndipo amasiye awo analandira chiyani.

Mwezi wa November uliwonse atsogoleri amaika nkhata za maluwa pa zipilala monga cha Keyala ku Zomba. Agogo anga sanafikeko. Iwo amangotsegula kachitini kawo, n'kupukuta nyenyezi ija ndi nsonga ya chitenje, n'kutchula dzina la bambo awo. Ndawapempha kuti andiuze zonse zomwe akukumbukira, ndipo ndayamba kuzilemba m'kope, chifukwa iwo akadzapita menduloyo payokha siidzatha kunena kuti inali ya yani.