Mvula tikuinamizira

Caka ciliconse mvula ikangodula mu Epulo, midzi yathu kuyambira ku Calomué, Dómuè, Tsangano mpaka ku Zóbuè imadzaza anthu otuta dothi ndi mcenga. Uyu akumata khoma lomwe anamata caka catha, uyo akucirikiza ngodya ya nyumba ndi mtengo, winayo wagula thumba la simenti kuti atseke mng'alu womwewo kacitatu. Mukawafunsa amati mvula ya caka cino inali yoipa. Ena amatsitsa mawu n'kuloza mnansi amene akuti amawacitira nsanje. Ine ndikukana, abale anga. Nyumba zambiri zimene tikukonza caka ndi caka sizinaonongedwe ndi mvula yoipa kapena ndi mfiti. Tinazimanga tokha m'njira yoti madzi azigona m'munsi mwake.

Za namondwe ndi nkhani ina. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anadula mlatho wa pa Revúbuè ku Tete, ndipo Freddy mu Malici 2023 anasakaza Zambézia ndi kutsidya kwa anzathu ku Mulanje ndi Phalombe. Madzi otere amatenga ngakhale nyumba yomangidwa bwino. Koma namondwe sabwera dzinja lililonse, pamene khoma lanu limanyowa dzinja lililonse.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Denga la malata la mamita 8 m'litali ndi 6 m'lifupi, likalandira mvula ya mamilimita 30, imene kuno kumapiri imagwa masana amodzi popanda wodabwa, limatsitsa malita 1,440. Amenewo ndi zigubu 72 za malita 20. Mwana wanu atatenga cigubu cimodzi cokha n'kukhuthula m'munsi mwa khoma, mungam'thamangitse ndi kamtengo. Koma denga lanu limakhuthula zigubu 72 pamalo omwewo, inu muli m'nyumba mukuyamika kuti malata sakudontha.

Agogo athu sanaphunzire masamu amenewa, koma ankawadziwa. Udzu wa denga unkatsika mpaka kupitirira khonde, khondelo linali lokwezedwa, ndipo amayi ankalizira mvula isanayambe. Madzi ankagwera kutali ndi cipupa. Ife tinasiya udzu n'kutenga malata, zimene sindikutsutsa, koma tinasiya pamodzi ndi nzeru yake. Poti malata ndi odula, timagula aafupi, denga n'kungotuluka pang'ono ngati cikhatho. Madzi amagwera pa phazi la khoma, amakumba kamsewu, amathovukira pa njerwa. Njerwazo nthawi zambiri zinamangidwa ndi matope, ndiye zimamwa ngati nsalu. Cinyezi cimakwera, pulasitala amatupa n'kuyamba kugwa kuyambira pansi, ciswe cimatsata kunyowako mpaka pa felemu ya citseko. Tayang'anani nyumba zakugwa m'mudzi mwanu: zambiri zinayamba kudyeka m'mawondo, denga likadali bwinobwino.

Maziko ndiye pogona nkhani, ndipo ndi pamene timaumira kwambiri cifukwa alendo sawaona. Timakumba mongokanda, osafika pa nthaka yolimba. Pansi pa nyumba timapasiya pofanana ndi bwalo, m'malo mopakweza ndi mizere iwiri kapena itatu ya njerwa. Pulasitiki wakuda woyala pamwamba pa maziko, amene amaletsa cinyezi kukwera m'khoma, timati ndi zokometsera za anthu a ku Ulongué. Koma ya penti wowala kumaso kwa nyumba imapezeka. Ya magalasi akuda a m'mawindo imapezeka. Anyamata athu amene akuvutika ku Johannesburg n'kumatumiza ndalama amalandira pa WhatsApp cithunzi ca khoma lakumaso, palibe amene amawajambulira dzenje la maziko lisanakwiriridwe. Akabwera pa Khirisimasi amapeza nyumba yatsopano ikununkha cuku.

Amisiri, inunso musabisale. Alipo a manja abwino, timawadziwa ndipo timawalimbirana. Koma ambiri mukagwirizana mtengo wa nyumba yonse mumathamanga kuti mukayambe ina. Thumba la simenti la makilogalamu 50 limene pomangira liyenera kusakanizidwa ndi mawilibala pafupifupi atatu a mcenga, mumalikoka mpaka matope ake kumafumbutuka ndi cala. Mcenga wodzaza dothi mumaulandira osanena kanthu. Simenti imafuna kuthiriridwa madzi kwa sabata yathunthu kuti ilimbe, koma mumaisiya padzuwa la Okutobala tsiku lomwelo. Ndipo mwininyumba akakuuzani kuti ali ndi matumba asanu pa nchito ya matumba khumi, mumavomera, podziwa kuti caka camawa adzakuitanani kudzamata ming'alu n'kukulipiraninso. Mmisiri woona amakana nchito yotere. Mwininyumba amene amasankha mmisiri cifukwa coti ndiye wochipa kuposa onse asadzalire kuti anaberedwa, anagwirizana awiriwo.

Palinso vuto la nyengo. Ndalama za mbatata ya kacewere, soya ndi fodya zimabwera m'cilimwe, ndiye malo omangapo timasankha mu Ogasiti, pamene ngakhale dambo limaoneka louma ngati bwalo la mpira. Madzi saiwala khwawa. Malo a nyumba ayenera kuonedwa mu Febuluwale, mvula ili pakati, munthu ataima ndi ambulera n'kumaona kumene madzi akucokera ndi kumene akupita. Ndiye pali dzenje loumbira njerwa, limene timakumba masitepe ocepa kucokera pakhomo n'kulisiya losakwirira. Dzinja lonse limasunga madzi amene amalowerera pansi pa maziko, limaweta udzudzu, ndipo ana aang'ono amaseweretsa moyo m'mphepete mwake.

Wina ati: ndife osauka, simenti ndi yodula. Zoona, ndi yodula. Koma ngalande yozungulira nyumba imafuna khasu basi. Kuunjika dothi m'mbali mwa khoma n'kulipondereza kuti bwalo litsetserekere kunja kumafuna khasu. Miyala yoyala pamene madzi a denga amagwera ili mbwee m'mapiri athu, ndipo udzu wa vetiva wogwira nthaka kumtunda kwa nyumba ungapemphedwe kwa mnzako. Komanso wosauka ndi amene sangakwanitse kugula thumba la simenti yomatira caka ciliconse kwa zaka khumi.

Ngalande nayo ili ndi mlandu wake. Ambiri akaikumba amailozetsa kubwalo la mnansi wa kumunsi, iyenso n'kuikankhira kwa wina, mpaka njira ya m'mudzi isanduka cigwembe cimene ngolo singadutse. Apa ndi pamene ndikufunsa mafumu ndi anyakwawa. Mumakhala pansi kuweruza mbuzi ikadya cimanga ca mwini, ndipo mumayenda kukaloza malire pamene munthu wapempha malo. Bwanji simuloza njira ya madzi tsiku lomwelo? Itanani mudzi mu Seputembala, nthaka ikadali youma, muyende kuyambira nyumba ya kumtunda mpaka ya kumunsi, mugwirizane ngalande imodzi yotsikira kudambo, ndipo banja lililonse lipatsidwe gawo lake lokumba ndi kulambula mvula yoyamba isanagwe.