KODI MUNTHU ASINTHE NJINGA YALIWIRO NDI SUPERMOTO?

Ndipempha kuti mundilole ndilankhuleko pa nkhani ya njinga zamoto, zimene akuluakulu azitcha mithuthuthu. Ena adzati nkhaniyi siyenera mwana wa sukulu amene alibe ngakhale njinga yakapalasa. Koma ife sitidzakhala ana a sukulu masiku onse. Ndiponso ambiri a ife tili ndi achimwene ndi amalume ogwira ntchito m'mizinda, ena mpaka ku Johannesburg, ndipo pakati pawo alipo amene ndalama zawo zoyamba anagulira njinga yaliwiro. Pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri, munthu wotere ayamba kudzifunsa kuti, "Kodi ndigulitse njingayi ndi kugula supermoto?" Funso limeneli si lamasewera, pakuti m'kati mwake muli ndalama za thukuta, ndiponso muli khosi la munthu. Ine ndiganiza kuti kwa anthu ambiri kusinthako n'kwanzeru, ndipo ndifuna kupereka zifukwa zanga.

Poyamba tizidziwe bwino njinga ziwirizi. Njinga yaliwiro ndiyo ija yokutidwa ndi mapulasitiki onyezimira, imene wokwerapo achita kuwerama ngati wofuna kukumbatira thanki ya petulo. Chitsanzo chabwino ndi Yamaha YZF-R6, imene inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1999. Injini yake ndi ya 599 cc, ya masilinda anayi. Zimene zinatuluka mu 2017 zili ndi mphamvu ya akavalo pafupifupi 118, zilemera makilogalamu 190, ndipo zitha kupitirira makilomita 250 pa ola limodzi. Amisiri anaipanga maso awo ali pa bwalo la mpikisano, pamene phula ndi losalala ngati tebulo, ndipo palibe mbuzi, ngolo kapena mwana wowoloka msewu.

Supermoto ndi nyama ina. Imeneyi ndi njinga ya m'fumbi, yaitali ndi yowonda, imene aichotsa magudumu ake a matayala a mano, naiveka magudumu a mainchesi 17 okhala ndi matayala a pa phula, ndiponso buleki wamkulu kutsogolo. Yodziwika kwambiri ndi Suzuki DR-Z400SM, imene inatuluka mu 2005. Ili ndi silinda imodzi yokha ya 398 cc, mphamvu ya akavalo pafupifupi 40, ndipo ilemera makilogalamu 146. Liwiro lake lithera chapafupi ndi makilomita 150 pa ola.

Mbiri ya njinga yotereyi ili ndi phunziro. M'chaka cha 1979, ku Carlsbad m'dera la California ku America, Gavin Trippe anakonza mpikisano wotchedwa Superbikers, umene unkaonetsedwa pa wailesi yakanema ya ABC mpaka 1985. Cholinga chake chinali chakuti akatswiri a pa phula ndi akatswiri a m'fumbi akumane pa njira imodzi, ya phula pena, ya dothi pena, kuti aoneke wopambana onse. Njinga zimene zinkapambana zinali zopepuka zija za m'fumbi, atazisintha magudumu ndi mabuleki. Ngakhale Eddie Lawson, katswiri wa pa phula amene anapambana mpikisano wa dziko lonse wa njinga za 500 cc kanayi, anapambana Superbikers atakwera njinga yotere. Pambuyo pake Afalansa anawatenga masewerawa ndi kuwatcha supermotard. Tsono taonani: pamene njira ili yosakaniza, phula ndi dothi, yopepuka ndiyo ichita bwino. Kodi misewu yathu yambiri siili yosakaniza chomwecho?

Chifukwa changa choyamba ndi ichi: mwini njinga yaliwiro alipira mphamvu imene sangathe kuigwiritsa ntchito. R6 itulutsa mphamvu yake yonse pamene injini izungulira ka 14,500 pa mphindi imodzi, ndipo ipitirira makilomita 100 pa ola isanachoke m'giya yoyamba. Nanga magiya ena asanuwo ndi a chiyani m'misewu ya ku Limbe, pakati pa maminibasi, akabaza ndi anthu osenza katundu? Munthuyo ayenda pang'onopang'ono, injini itentha miyendo yake, manja ndi msana ziwawa chifukwa chowerama. Ndipo mtima umuuza tsiku ndi tsiku kuti, "Unagula akavalo 118, uwamasule liti?" Tsiku limene awamasula ndilo tsiku loopsa. Aphunzitsi athu a sayansi atiphunzitsa kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya chinthu choyendacho iwirikiza kanayi, ndipo mtunda wofunika kuti mabuleki achiimitse uwirikizanso kanayi. Chotero woyenda pa 160 safuna malo awiri a woyenda pa 80 kuti aime, koma anayi. Ng'ombe yotulukira m'tchire siidziwa masamu amenewa, ndipo siidzadikira. Koma pa supermoto munthu amva kukoma kwa njinga yake ali pa liwiro limene akhoza kuima nalo.

Chifukwa chachiwiri ndi msewu. Mimba ya R6 italikirana ndi nthaka mamilimita 130 okha, ndipo masipuling'i ake afupika mamilimita 120 basi. Ya DR-Z400SM italikirana ndi nthaka mamilimita 260, ndipo masipuling'i ake afupika mamilimita oposa 250. Tanthauzo lake n'lakuti dzenje limene lingapinde gudumu la njinga yaliwiro, supermoto ilimeza osadandaula. Zitunda za pamsewu ziikidwa pafupi ndi masukulu ndi misika, ndipo wa njinga yaliwiro azikwera mwamantha ngati wonyamula mazira. Ndiponso phula likatha, ndi kuyamba msewu wa dothi wopita kumudzi, wina aima pomwepo, wina apitirira mpaka pakhomo pa amayi ake. Wokwera supermoto akhala chowongoka, mutu uli pamwamba, kotero kuti aona patali pamwamba pa magalimoto aang'ono, ndipo mahandulo ake aakulu amuthandiza kupewa msanga chimene chamudzidzimutsa.

Chifukwa chachitatu ndi thumba. Njinga iliyonse tsiku lina igwa, ngakhale itaima chabe pa mchenga. Yaliwiro ikagwa, mapulasitiki aja asweka, ndipo atsopano achita kuitanitsa kunja ndi ndalama zambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Supermoto ikagwa, kawirikawiri mwiniyo aidzutsa, nasasa fumbi, napitiriza ulendo. Injini ya R6 ili ndi mapulagi anayi ndi mavavu 16, pamene ya DR-Z400SM ili ndi pulagi imodzi ndi mavavu anayi. Makaniko wozolowera injini za silinda imodzi za akabaza savutika kwambiri kuimvetsa yachiwiriyi, koma yoyambayo ifuna mmisiri wa zipangizo zapadera, amene sapezeka pa msika uliwonse. Tikumbukirenso kuti itatha 2020, Yamaha inaleka kugulitsa R6 ya pamsewu ku Ulaya ndi ku America, ndipo inasiya yokhayo ya m'bwalo la mpikisano. Ngati m'maiko a misewu yosalala njingayi inabwerera ku bwalo kumene inachokera, nanga ife tiikakamiriranji?

Komabe sindingakhale wachilungamo ndikabisa zovuta za supermoto, pakuti zilipo, ndipo sizochepa. Pa ulendo wautali njingayi ndi chilango. Chishalo chake ndi chopapatiza ndi cholimba ngati thabwa, mphepo imenya pachifuwa popanda chotchinga, ndipo injini ya silinda imodzi injenjemeretsa manja. Thanki ya DR-Z400SM ilowa malita 10 okha, pamene ya R6 ilowa 17. Kuchokera ku Blantyre kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 300, ndipo malita 10 sangakufikitseni. Masiku amene petulo asowa, nkhani imeneyi ikula. Chishalocho chilinso pamwamba, mamilimita 890 kuchokera pansi, kotero kuti munthu wamfupi aponda nthaka ndi zala zokha. Matayala ake ndi a pa phula, ndipo m'matope a dzinja aterereka monga matayala ena onse osalala. Kupepuka kwake kukondweretsanso akuba, pakuti amuna awiri kapena atatu aikweza m'galimoto msanga. Ndiponso wogula achenjere ndi supermoto zopangidwira mpikisano, monga KTM 450 SMR, zimene oyilo wake asinthidwa powerenga maola, osati makilomita zikwi zambiri. Zimenezo si njinga zopitira kuntchito.

Chovuta chachikulu koposa chili mwa munthu mwini. Supermoto ndi yopepuka ndi yomvera, kotero kuti inyengerera wokwerapo kuimiritsa gudumu lakutsogolo m'mwamba, kukwera m'njira za oyenda pansi, ndi kudzionetsa pamaso pa atsikana. Mnyamata amene anali wosasamala pa njinga yaliwiro adzakhala wosasamalabe pa supermoto, pakuti kusintha njinga sikusintha mtima. Phula lisenda khungu mofanana, kaya munthu wagwa kuchokera pa Yamaha kapena pa Suzuki. Chisoti cholimba, magolovesi, nsapato zotseka akakolo ndi chiphaso choyendetsera zifunika pa njinga zonse ziwiri.

Nanga tsono munthu adziwe bwanji chimene chimuyenera? Ine ndikanamulangiza kuti atenge kope, ndipo kwa mwezi wathunthu alembe ulendo uliwonse umene wayenda: wapita kuti, mtunda wake, ndi msewu wake. Mwezi ukatha awerenge. Akapeza kuti maulendo ake ambiri ndi a m'tauni, a kuntchito, a kumsika ndi a kumudzi kumene phula silifika, agulitse njinga yaliwiro popanda chisoni. Koma akapeza kuti sabata ndi sabata ayenda makilomita mazanamazana pa phula labwino, kapena kuti apitadi ku bwalo la mpikisano monga la Kyalami kufupi ndi Johannesburg, supermoto idzamuliritsa, ndipo asaigule. Asanapereke ndalama, apemphe kuikwerako kwa ola lathunthu, pakuti mphindi zisanu zionetsa kukoma kokha, koma ola lionetsa chishalo. Awerengenso ndalama zimene adzataya, popeza wogulitsa msanga agulitsa motchipa. Ndipo ngati chifukwa chake n'chakuti wangotopa ndi njinga yakale, kapena kuti mnzake wagula yatsopano, akumbukire kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndikhulupirira kuti anthu ambiri akalemba kope limeneli moona, adzapeza kuti njinga yaliwiro anaigulira msewu wa m'maloto, osati msewu wodutsa pakhomo pawo. Anaigula kuti anthu acheuke akamva kulira kwake. Kucheuka kwa anthu n'kokoma, inde, koma sikulipira mapulasitiki osweka, ndipo sikudzakhala nanu m'chipatala usiku. Chipangizo chabwino ndi chimene mwini wake atha kuchigwiritsa ntchito chonse, tsiku ndi tsiku, ndi kubwera nacho kunyumba wamoyo.

Chotero, anzanga, achimwene anu akadzakufunsani maganizo anu pa tchuthi chikudzachi, musawafunse kuti njingayo ithamanga bwanji. Afunseni kuti iyenda kuti. Ndipo inunso, tsiku limene mudzalandira malipiro anu oyamba ndi kuima pamaso pa njinga ziwirizi, yang'anani msewu wanu poyamba, njinga pambuyo. Makolo athu sanaone Yamaha kapena Suzuki, koma anatisiyira mawu oyenera kulembedwa pa thanki ya njinga iliyonse: kuthamanga si kufika.

Wophunzira wa Fomu 4