Thukuta lomwe linamanga Doha

Mabwalo a mpira wa World Cup wa 2022 ku Qatar anamangidwa ndi amuna ochokera ku Nepal, India ndi Bangladesh, ambiri atachita kukongola ndalama zolipira owapezera ntchito. Pa dongosolo la kafala, munthu sankatha kusiya ntchito bwana asanalole. Ena amati anthuwa anapita mwa kufuna kwawo ndipo amatumiza ndalama kumudzi. N'zoona, koma umphawi wa munthu si chifukwa chomulanda pasipoti kapena kumuchedwetsera malipiro. Mu 2020 Qatar inalola antchito kusintha mabwana, n'kulamula malipiro osachepera ma riyal 1,000 pamwezi. Lamulolo n'labwino, komabe mlendo wosenza simenti padzuwa saloledwa kulowa m'bungwe la antchito. Malipiro akapanda kubwera, adzamulankhulira ndani?