Kugonja Kamodzi Si Kutha kwa Wankhonya

Pali chizolowezi choipa chimene chamera mizu pakati pa okonda masewera m'dziko muno, ndipo nyuzipepala ino ikuchidzudzula poyera. Mnyamata woponya nkhonya akamapambana timamunyamula pamapewa, koma akangogonja kamodzi timati watha, ndipo ngakhale omwe ankamuthandiza amamufulatira. Kodi n'zoona kuti wogonja sangadzalimbiranenso lamba? Ife tikuti si zoona, ndipo umboni ulipo.

Taonani mwana wathu Isaac Chilemba, wobadwira ku Blantyre m'chaka cha 1987, amene anakulitsira luso lake ku Johannesburg. M'mwezi wa Meyi 2013 iye anagonja kwa Tony Bellew mumzinda wa London. Sanataye mtima. Anabwerera kukakonzekera, napambana nkhonya zingapo motsatizana, kuphatikizapo ya mu 2015 pamene anagonjetsa Vasily Lepikhin, munthu amene anali asanagonjepo. Kumapeto kwa chaka chomwecho anagonjanso kwa Eleider Alvarez ku Canada, koma movutikira, pakuti mmodzi mwa oweruza atatu anati awiriwo afanana mphamvu.

Patangopita miyezi yowerengeka, pa 11 Julayi 2016, Chilemba anakwera bwalo ku Yekaterinburg m'dziko la Russia kukalimbana ndi Sergey Kovalev, mwini malamba atatu a dziko lonse a WBA, IBF ndi WBO. Anagwetsedwa m'ndime ya 7, nadzuka, namaliza ndime zonse 12. Mu 2018 analimbirananso lamba wa WBA ndi Dmitry Bivol ku Atlantic City. Malambawo sanabwere nawo kwathu, komabe mwayi wowalimbira anaupeza kawiri, ndipo kawiri konseko anali atalawapo kale kuwawa kwa kugonja.

Phunziro lake n'lakuti amene amasankha olimbirana malamba amayang'ana yemwe wakugonjetsa, mmene wagonjera, ndi zimene wachita pambuyo pake. Wankhonya amene wakonza zofooka zake, nalandira adani oyenera msinkhu wake, amakweranso pamndandanda. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono mawu athu akupita kwa inu akuluakulu a Chipani, ogwira ntchito m'Boma ndi oyang'anira masewera m'boma la Zomba, kumene kuli asilikali a ku Cobbe Barracks, sukulu ya apolisi ndi achinyamata ochuluka a m'sukulu. Mnyamata kapena mtsikana akagonja, ayambe waonedwa ndi dokotala, apume mokwanira, kenaka abwerere kwa mphunzitsi wake. Musamuponyere msanga kwa mdani womuposa chifukwa cha ndalama za pakhomo. Msewu wokwera ku Chawe ulipo woti athamangemo m'mamawa. Chimene chimasowa ndi magolovesi, chakudya ndi munthu womulimbikitsa.

Mutu umodzi susenza denga. Tikawataya ana athu pa tsiku logonja, tisadzadabwe tikadzasowa wotiimirira pa tsiku la lamba.