Mafunde osaoneka amene angasocheretse ndege

Pa 28 Novembala 2025, kampani yopanga ndege ya Airbus idalengeza chinthu chimene sichichitikachitika. Idati ndege zake pafupifupi 6,000 za mtundu wa A320 zikonzedwe msanga zisanapitirize kunyamula anthu. Mapiko anali bwinobwino, injini nazo zinali bwinobwino. Vuto linali mu kompyuta imene imathandiza ndege kukwera ndi kutsika.

Nkhaniyi idayamba pa 30 Okutobala chaka chomwecho. Ndege ya kampani ya JetBlue idanyamuka ku Cancún, m'dziko la Mexico, kupita ku Newark ku America. Ili m'mwamba, idangozolika yokha mwadzidzidzi. Anthu ena adavulala, ndipo ndegeyo idakatera mumzinda wa Tampa. Akatswiri a Airbus atafufuza, adati mphamvu yosaoneka yochokera kudzuwa ikachuluka, ikhoza kusokoneza manambala amene kompyutayo imagwiritsa ntchito.

Mwina mukuti, "Zandegezo n'za anthu a ndalama, ife yathu ndi chapa." Koma taganizani. Mukachoka ku Bagamoyo kupita ku Tete pamsewu wa N7, mumadutsa pafupi ndi bwalo la ndege la Chingodzi. Pamenepo pamatera ndege za LAM zochokera ku Maputo ndi za Airlink zochokera ku Johannesburg. Ndegezo zimauluka pamwamba pa nyumba za anthu, pamwamba pa minda ndi misika. Ndege ikasokonezeka, ovutika si okwera okha ayi. Ndiponso zina mwa zinthu zimene zingaisokoneze zili pansi pano, m'manja mwathu.

Phokoso ili mudalimvapo kale

Ikani foni pafupi ndi wailesi kapena sipika. Nthawi zina mumayamba kumva "tu-tu-tu, tu-tu-tu", kenako foni n'kulira. M'nyengo ya mvula, mphezi ikang'anima, wailesi imachita "kekeke" ngakhale mvulayo ili kutali. Mnzanu akamawotcherera zitsulo pafupi ndi nyumba yanu, wailesi imathanso kulira zachilendo.

Chimachitika n'chiyani? Foni, mphezi ndi makina owotcherera zimatulutsa mafunde osaoneka. Mafundewo amayenda mumlengalenga, ndipo akakumana ndi waya amalowamo ngati kamagetsi kakang'ono. Wailesi yanu siidziwa kuti kamagetsiko n'kachilendo. Imangokasandutsa phokoso basi.

Kunyumba, phokosolo limangokukwiyitsani pang'ono. Koma ndege yaikulu ili ndi mawaya otalika makilomita ambiri ndi makompyuta ambirimbiri. Kamagetsi kachilendo kakalowa m'menemo, kakhoza kusintha nambala imodzi. Nambala imodzi yolakwika ikhoza kunamiza woyendetsa ndege.

Ndege imayenda ndi makutu

Usiku, m'mitambo kapena m'chifunga, woyendetsa ndege saona njira. Amadalira zipangizo zimene zimamvetsera mafunde.

Pansi pamakhala tinyumba ta wailesi totchedwa VOR, timene timauza ndege mbali imene ili. Pamabwalo ena pali chipangizo chotchedwa ILS, chimene chimalondolera ndege mpaka ifike pamsewu wake wotererapo. Kumimba kwa ndege kuli chipangizo china chimene chimaponya mafunde pansi n'kudikira kuti abwerere. Chikatero chimadziwa kuti kwatsala mamita angati kuti matayala agunde nthaka. Palinso GPS, ija ili m'mafoni ambiri. Mafunde ake amachokera ku makina amene akuzungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 m'mwamba. Pofika kuno amakhala atafooka kwambiri, ngati munthu wonong'ona kutsidya la Zambezi. Wina akakuwa pafupi nanu, wonong'onayo simungamumvenso.

Munda wa wailesi ndi munda wa ndege

Kuti anthu asamasokonezane, mafunde adagawidwa ngati minda. Munda uliwonse uli ndi mwini wake ndi malire ake. Amene amatsogolera kugawaku padziko lonse ndi bungwe la ITU, limene likulu lake lili ku Geneva.

Tayang'anani manambala a pawailesi yanu, mbali ya FM. Amayambira cha pa 87.5 n'kulekeza pa 108. Bwanji sapitirira? Chifukwa pa 108 pomwepo ndi pamene payambira munda wa ndege. Kuchoka pa 108 kufika pa 118 ndi pa VOR ndi ILS. Kuchoka pa 118 kufika pa 137 ndi pamene oyendetsa ndege amalankhulana ndi anthu a pansanja ya pabwalo. Ndiye kuti nyimbo zimene mumamvera ndi mawu a woyendetsa ndege n'zoyandikana minda.

Makina oulutsira mawu akakhala osapangidwa bwino, kapena mwini wake akawawonjezera mphamvu mobera, mafunde ake amadumpha malire ngati mbuzi yolowa m'munda wa eni. Zikatero woyendetsa ndege amamva nyimbo kapena ulaliki pamene akudikira kumva ngati angatere. N'chifukwa chake munthu sangoyamba wailesi mmene wafunira. Kuno ku Mozambique, bungwe loyang'anira mafundewa ndi INCM. Ku Malawi ndi MACRA.

Inu a ku Zóbuè mukudziwa kuti mafunde safuna pasipoti. Wailesi za ku Malawi zimamveka kwanu, ndipo foni nthawi zina imakoka netiweki ya kutsidya inu muli kwanu komwe. Choncho maiko oyandikana ayenera kumagwirizana pa nkhaniyi. Paja mutu umodzi susenza denga.

Zimene Mbuzini amatikumbutsa

Mlatho wa ku Tete uli ndi dzina la Samora Machel. Imfa yake ikukhudzana ndi nkhani yomweyi. Usiku wa pa 19 Okutobala 1986, ndege yake ya mtundu wa Tupolev 134 inkachokera ku Mbala, ku Zambia, kubwerera ku Maputo. Isanafike, idakhotera kudzanja lamanja pamalo posayenera. Idakawomba phiri ku Mbuzini, m'dziko la South Africa. Pulezidentiyo adamwalira pamodzi ndi anthu ena 34.

Ofufuza a ku South Africa, motsogozedwa ndi woweruza Cecil Margo, adati olakwa anali oyendetsa ndege, ndipo adati n'kutheka kuti adatchera zipangizo zawo ku VOR ya ku Matsapha, ku Swaziland, m'malo mwa ya ku Maputo. Akatswiri a ku Soviet Union adakana zimenezo. Iwo adati padaikidwa VOR yabodza kuti isocheretse ndegeyo dala. Mu 1998, bungwe la TRC la ku South Africa lidaunikanso nkhaniyi, koma silidathe kuigamula.

Onani pamene pagona mkanganowu: ndegeyo inkamvera mafunde a ndani? Mbali ziwirizi zimasiyana yankho, koma funso lawo ndi limodzi. Ndege imapita kumene mafunde aiuza.

Walira mvula walira matope

Tonse tikufuna intaneti yothamanga. Netiweki ya 5G idayamba kale ku Maputo, ndipo makampani a mafoni padziko lonse akufuna minda yatsopano ya mafunde. Zimene zidachitika ku America zikutiphunzitsa kanthu.

Kumeneko, makampani a AT&T ndi Verizon adagula munda wa pakati pa 3,700 ndi 3,980. Chipangizo chija choyeza mamita otsala kuti ndege itere chimagwira ntchito pakati pa 4,200 ndi 4,400. Pakati pali mpata ndithu, koma zipangizo zina zakale zinali ndi makutu omva ndi za kwa eni zomwe. Oyang'anira ndege adaopa kuti ndege yotera m'chifunga ikhoza kuuzidwa mamita olakwika.

Pofika pa 19 Januwale 2022, tsiku loyatsa 5G, mkanganowu unali usanathe. Makampani ena monga Emirates ndi Air India adaimitsa maulendo ena opita ku America. Mapeto ake, makampani a mafoni adavomera kuchepetsa mphamvu ya nsanja zawo pafupi ndi mabwalo a ndege, ndipo eni ndege adalamulidwa kukonza kapena kusintha zipangizo zakalezo.

Chidalakwika n'chiyani? Oyang'anira mafoni ndi oyang'anira ndege adachedwa kumvana. Wina adagulitsa munda mnzake asanakhutire ndi malire. Kuno kwathu mwayi ulipo woti INCM ndi oyang'anira ndege azikambirana nsanja isanazikidwe, osati itazikidwa kale.

Kakang'ono koma koopsa

Palinso osokoneza dala. Kuli tizipangizo tating'ono timene timatseka GPS. Ena amatibisa m'galimoto kuti bwana asadziwe kumene galimotoyo yapita. Akuba malole nawo amatigwiritsa ntchito. Mu 2013, boma la America lidalengeza chindapusa cha madola pafupifupi 32,000 kwa dalaivala wina amene anali ndi kachipangizo kotere. Galimoto yake ili pafupi ndi bwalo la ndege la Newark, kachipangizoko kankasokoneza makina othandiza ndege kutera. Iye ankangofuna kubisalira abwana ake. Kumbukirani kuti msewu wathu wa N7 umadzaza ndi malole usana ndi usiku, ndipo umadutsa pafupi ndi Chingodzi.

Kumene kuli nkhondo vutoli n'lalikulu. Mu 2024, kampani ya Finnair idaimitsa kwa mwezi wathunthu maulendo opita ku Tartu, m'dziko la Estonia, chifukwa GPS inkasokonezedwa. Idayambiranso bwalolo litakonza njira ina yoterera yosadalira GPS. Phunziro lake n'lakuti bwalo la ndege lisamadalire chinthu chimodzi chokha.

Ndege imayesedwa isanauluke

Musachite mantha kwambiri. Opanga ndege amadziwa za mafundewa, ndipo pali malamulo okhwima. Limodzi mwa mabuku a malamulowo limatchedwa DO-160, ndipo lidatuluka koyamba mu 1975. Chipangizo chisanaikidwe m'ndege chimayesedwa pa kutentha, kuzizira, kugwedezeka ndi fumbi. Kenako amachiika m'chipinda chotsekedwa ndi zitsulo n'kuchithira mafunde amphamvu, kuti aone ngati chisokonezeke. Amayezanso mafunde amene icho chikutulutsa, kuti chisasokoneze zinzake. Mawaya ofunika amawakutira ndi kaukonde kachitsulo. Makompyuta ofunika amakhala awiri kapena atatu, kuti imodzi ikalephera inzake igwire ntchito.

Malamulo ambiri adalembedwa anthu atalira maliro. Pa 8 Disembala 1963, mphezi idawomba ndege ya Pan Am ku Elkton, ku America. Mpweya wa mafuta m'phiko udaphulika, ndipo anthu onse 81 adamwalira. Zitatero, malamulo oteteza matanki a mafuta ku mphezi adakhwimitsidwa. Lero ndege yonyamula anthu imawombedwa ndi mphezi pafupifupi kamodzi pachaka, koma magetsiwo amayenda kunja kwa thupi la ndege n'kutulukira kwina, anthu ali bwinobwino m'kati.

Nkhani ya Airbus ija ndi umboni woti malamulowa amagwira ntchito. Ndege imodzi idachita zachilendo, palibe amene adamwalira, koma ndege zikwizikwi zidakonzedwa m'masiku ochepa. Zambiri zidangofunika kusinthidwa pulogalamu ya mu kompyuta, ntchito ya maola ochepa.

Nanga kuno amayang'anira ndani?

Lamulo la papepala silikwanira ngati palibe wolilondola. Malamulo a ndege a dziko lonse amachokera ku bungwe la ICAO, ku Montreal. Kuno amene ayenera kuwalondola ndi IACM. Ntchito imeneyi ikafooka, dziko lonse limalipira. Mu Epulo 2011, maiko a European Union adaletsa makampani onse a ndege a ku Mozambique kuuluka kumeneko, ponena kuti kayang'aniridwe ka ndege kuno kanali kosakwanira. Chiletsocho chidachotsedwa mu Meyi 2017, zinthu zitakonzedwa. Zaka 6 si zochepa.

Choncho nzika ili ndi ufulu wofunsa. Kodi oyendera ndege alipo okwanira? Kodi zipangizo za pamabwalo a m'zigawo, monga Chingodzi, zimayesedwa nthawi yake? Kodi mafunde amayezedwa kuno ku Tete, kapena ku Maputo kokha?

Mbali yanu

Mukadzakwera ndege, adzakuuzani kuti muzimitse foni kapena muiike pa "modo avião", pamene pali kachithunzi ka ndege. Mverani. Palibe ngozi ya ndege imene idatsimikizidwa kuti idachitika chifukwa cha foni ya wokwera. Koma foni ikamasaka netiweki imatulutsa mafunde ndi mphamvu yake yonse, ndipo "tu-tu-tu" uja akhoza kumveka m'makutu mwa woyendetsa pa nthawi yotera.

Ngati m'dera lanu kapena kumpingo kwanu mukufuna kuyamba wailesi, yambani mwapeza chilolezo, ndipo makina aikidwe ndi munthu wodziwa. Musagule kachipangizo kotseka GPS, ndipo mnzanu wa lole akakhala nako muchenjezeni. Mukaona wina akuba mawaya kapena zitsulo pa mpanda ndi pa tinyumba ta pabwalo la ndege, kauzeni apolisi. Waya umene iye akagulitse meticais ochepa ukhoza kukhala khutu la ndege yodzaza ndi anthu.

Kambiranani ndi anzanu

1. N'chifukwa chiyani manambala a FM pawailesi amalekeza pa 108?
2. Kodi mudamvapo foni kapena mphezi ikusokoneza wailesi? Fotokozani mmene zidamvekera.
3. Nsanja yatsopano ya foni isanazikidwe pafupi ndi bwalo la ndege, ndani ayenera kukambirana?